Mwana akaweruka azipita kuti? Part-time, laibulale, mpira kapena khonde la pakhomo

Belu loweruka likamalira kusukulu, ambiri a ife makolo timakhala tili kutali. Wina ali pabenchi yake mumsika, wina ali mu ofesi ku City Centre, wina akupalasa kabaza kasitomala ali kumbuyo. Mwana wa Sitandade 2 amafika pakhomo dzuwa likungofika paliwombo, mkulu wake wa Sitandade 7 amatulukira cha m'ma 2 koloko miyendo ili mbuu ndi fumbi. Ndipo mdima wa kuno sunyengerera. Ikamakwana 6 koloko kwada, mu Juni ndi Julaye ndiye umachita kulawirira. Tawerengani nokha: maola 4 patsiku, masiku 5 pasabata, akukwana maola 20. Wamng'ono uja amakhala ndi oposa pamenepo, moti nthawi imene amakhala yekha masana imaposa imene amakhala pamaso pa aphunzitsi.

Ine ndili ndi ana atatu, timakhala ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo ndayesapo pafupifupi chilichonse chimene anthu amatchula akamakamba za masana a mwana. Zina zinandidyera ndalama, zina zinandidabwitsa. Chimene ndinachedwa kuchizindikira n'chakuti musanafunse anzanu kuti "ana anu amapita kuti?", muyambe mwadzifunsa kuti mwana wanuyo, chaka chino, chikumusowa n'chiyani. Wina chikumusowa ndi kuwerenga. Wina masamu ogawa anamudutsa atagona ndi malungo teremu yachiwiri. Wina m'kalasi ali bwinobwino, chomusowa ndi bwalo lothamangapo ndi munthu wamkulu womuyang'anira. Ana atatu amenewa mukawalowetsa khomo limodzi, awiri mwawalakwira.

Part-time

Tiyambe ndi iyi, poti ndi imene imatibowola m'thumba. Sinabwere yokha. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ya kupulayimale, ana anakhamukira kusukulu, chiwerengero chawo n'kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Zipinda ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo, ndipo mpaka lero tikuthamangitsabe. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo, makamaka Sitandade 1 ndi 2. Mphunzitsi adzipereke chotani, sangachonge makope 100 m'piriyodi imodzi n'kudziwanso kuti amene wakhala kumbuyo uja akusokoneza b ndi d. Kutsogolo kwake kukudikira mayeso a PSLCE omaliza Sitandade 8, olembetsa bungwe la mayeso la MANEB, amene amagamula ngati mwana apite ku sekondale ya national monga Dedza kapena Lilongwe Girls, ku CDSS yapafupi, kapena asasankhidwe n'komwe. Kholo lililonse limadziwa kuti khomo limeneli ndi lopapatiza, ndipo mantha amenewo ndi amene amamasula chikwama.

Koma dzina limodzi lakuti part-time likubisa zinthu zitatu zosafanana.

Ilipo ya mphunzitsi wa kalasi yemweyo, amene amauza ana kuti ofuna kutsalira masana abwere ndi kangachepe. Ubwino wake ulipo ndithu: mwanayo amamudziwa, amadziwa pamene silabasi yafika, ndipo mwana sayenda mtunda wina. Koma ndi chikomekome cha nkhuyu. Ngati zimene sizinathe m'mawa ndi zomwe zimabweretsa ndalama masana, chiyeso chakuti zisamathe chimakula chokha. Unduna wa zamaphunziro wachenjezapo kangapo za kulipiritsa ana motere m'sukulu za boma. Sindikunena kuti aphunzitsi onse ndi otero. Malipiro awo timawadziwa, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 iwonso anakagula sopo pamtengo womwe tinagulira ife. Koma mwana akabwera n'kunena kuti zimene zinabwera pa tesiti zinaphunzitsidwa ku part-time kokha, imeneyo ndi nkhani ya mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu. Musaithetse ndi chikwama chanu, chifukwa mwana wa mnzanu amene alibe ndalamayo akhala akulephera tesiti yomweyo.

Ina ndi ya m'magalaja ndi m'makonde a m'makwalala mwathumu, ndipo imeneyi ndi imene inandipweteka ine. Mwana wanga wachiwiri ali Sitandade 3 ndinamulembetsa kwa aphunzitsi ena apafupi, poti anzake onse a mumzere wa nyumba zathu ankapita komweko. Miyezi 5 ndinkalipira osaphonya. Kope linkadzaza bwino, zolemba zoongoka ngati zachita kudindidwa, madzulo n'kumatilakatulira ziganizo za Chingerezi ife tikuomba m'manja. Tsiku lina ndinaweruka msanga, ndiye ndinati ndikamutenge ndekha. Ndinapeza ana oposa 40 atapanikizana pamabenchi atatu, ena pansi, a Sitandade 2 mpaka 5 pamodzi, malata akutentha ngati chiwaya cha tchipisi, onse mitu pansi akukopera za pabolodi. Aphunzitsi anali panja, pafoni.

Titafika kunyumba ndinatenga paketi ya mchere n'kumupatsa.

"Tawerenga apa."

Anayang'ana paketi, kenako n'kuyang'ana ine.

"Adadi, izi sanatiphunzitse."

"Nanga zilembozi suzidziwa?"

"Ndimazidziwa. Koma akalemba pabolodi."

Mnyamata anali katswiri wojambula zilembo ndi kuloweza. Kuwerenga ayi. Miyezi 5 yonseyo ndinkalipira kuti akhale m'kalasi yodzaza kawiri patsiku, yam'mawa yaulere ndi yamasana yolipira. Mayi ake anangoti, "Bambo a ana, paja munkati kope likadzaza ndiye kuti zikuyenda," n'kupitiriza kusenda mbatata. Ndinalibe choyankha.

Yotsalayo ndi ya kagulu kochepa, ana 3 kapena 5, ndi mphunzitsi wopuma pantchito, wophunzira wa kukoleji amene ali patchuthi, kapena mtsikana amene anakhoza bwino Fomu 4 ndipo akudikira zotsatira za yunivesite. Pa ola limodzi imeneyi ndi yodulirapo, koma ndi yokhayo imene ndinaona ikusuntha mwana. Chinsinsi chake n'chakuti muilowe ndi ntchito yodziwika komanso tsiku lotulukira. Mumuuze kuti, "Aphunzitsi, mwanayu masamu ogawa ndi tizigawo zikumuvuta, tiyeni tione pofika kumapeto a teremu." Teremu ikatha mumuyese nokha. Zatheka, muthokoze n'kusiya. Part-time yopanda mapeto imasanduka ngati lendi, mumangolipira poti mwezi watha.

Kuti mudziwe imene mwagula, simufunika kukhala ophunzira kwambiri. Pitaniko tsiku limodzi mosalengeza, muwerenge mitu ya ana. Tsegulani kope muone ngati muli bolopeni yofiira, ndipo ngati mwana analakwa samu, muone ngati samu yomweyo anaibwereza n'kuikhoza. Kope loyera lopanda cholakwa ngakhale chimodzi ndi kope lokopera. Kenako mupatseni choti awerenge chimene sanachionepo, kaya ndi paketi ya mchere ngati ine.

Pali makalasi awiri amene ndimavomereza part-time mosanyinyirika. Woyamba ndi Sitandade 5, pamene maphunziro onse, kupatula phunziro la Chichewa, amayamba kuyenda m'Chingerezi. Ana ambiri amene ankakhala manambala abwino amagwa apa, makolo n'kumati wayamba kupusa kapena wapeza anzake oipa, chikhalirecho chilankhulo ndi chimene chamutchinga. Sayansi akanaimva bwinobwino ikanakhala m'Chichewa. Chingerezi chimenechi chidzamutsatira mpaka ku MSCE, kumene wosachikhoza salandira satifiketi. Wachiwiri ndi Sitandade 8, pamene mwana amafunika kuzolowera mapepala akale a MANEB, kulemba akuyang'ana wotchi, ndi wina womuchongera n'kumuuza pamene akutaya malikisi. Koma kwa mwana wa Sitandade 1 mpaka 4, ine ndimati ndalamayo muisunge.

Ndipo musaiwale mimba. M'sukulu zina ana amalandira phala, monga la Mary's Meals limene linayambira kuno ku Malawi mu 2002, koma phala la m'mawa silifika 4 koloko. Mwana amene wachoka m'kalasi n'kulowa part-time osaikako kanthu m'kamwa, ngakhale mkute kapena mbatata yootcha, amangokhala thupi lokha pabenchi.

Mabuku, ndi amene angamumvetsere

Mwana wachiwiri uja sindinamupititse ku part-time ina. Anachira ndi zinthu ziwiri zotsika mtengo.

Choyamba ndi laibulale. National Library Service yakhala ilipo kuyambira 1968, likulu lake lili ku City Centre konkuno, ndipo ili ndi nthambi ku Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi m'maboma ena. Ambiri timaiona ngati malo a anthu owerengera mayeso a Fomu 4, osadziwa kuti muli mabuku a ana. Vuto lake ndi mtunda. Kuchokera ku Area 25 mwana wa zaka 8 sangapiteko yekha tsiku ndi tsiku, ndipo thiransipoti yopita ndi kubwera ikhoza kuposa ndalama ya part-time ija. Ndiye ife tinaisandutsa chitsime: kukatunga kamodzi pa milungu ingapo, n'kumamwera kunyumba. Funsaninso kusukulu ya mwana, chifukwa m'masukulu ena mabuku alimo, angotsekeredwa m'kabati poopa kuti ang'ambika.

Amene amakayikira kuti kachipinda ka mabuku kangachite kanthu akumbuke William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu. Njala itavuta mu 2002 anasiya sekondale posowa fizi. Ankapita ku kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale kwawoko, n'kumayang'ana zithunzi za m'mabuku a sayansi ngakhale Chingerezi chake chinali chopelewera, ndipo ali ndi zaka 14 anamanga makina opukusidwa ndi mphepo, a mitengo ya bulugamu ndi zidutswa za njinga, amene anayatsa magetsi pakhomo pa makolo ake. Mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Sikuti mwana aliyense wolowa mulaibulale adzamanga zotere ayi. Koma palibe part-time yokopera manotsi imene ikanamupatsa zimene anapeza m'kachipinda kaja, chifukwa buku analisankha yekha.

Chachiwiri ndi chimene ndimachinyadira, ngakhale nzeru yake sinali yanga. Nyumba yachitatu kuchokera pathu pali agogo ena amene maso anayamba kuwavuta. Anadandaulira mayi a kunyumba kuti Baibulo lawo sakuthanso kuliona bwino. Mayi a kunyumba anati, "Agogo, tizikutumizirani kamnyamataka kazikuwerengerani." Poyamba kanali kuzunzika. Mnyamata ankagwira liwu limodzi ngati akukoka mbuzi yokana kulowa m'khola. Koma agogo aja ndime zambiri amazidziwa pamtima, ndiye akaphonya ankangoti, "Bwereza mdzukulu wanga, makutuwa ndi akale, sindinamve." Sankamukalipira, sankamuuza kuti walakwa. Iye n'kubwereza, mpaka liwu litatuluka loongoka. Akamaliza ankamulipira ndi nthano, nthawi zina ndi chinangwa chophika.

Pasanathe miyezi iwiri ana a nyumba zina anayamba kumutsatira. Lero pakhonde paja pamakhala ana 6 kapena 7, masiku atatu pasabata, kwa mphindi 40 basi. Amawerenga mabuku a kulaibulale, masamba a Chichewa a m'nyuzipepala zakale, ngakhale buku la nyimbo za kutchalitchi. Makolo timasonkha shuga ndi sopo wa agogo. Poyerekeza ndi galaja ija, apa mwana aliyense amawerenga mokweza tsiku lililonse limene wabwera, ndipo pali khutu limene likumumvetsera iye yekha. M'kalasi ya ana 100 mwayi umenewu ukhoza kumupeza kamodzi pateremu. Kufooka kwake n'kwakuti zonse zatsamira pa munthu mmodzi. Agogo akadwala kapena akapita kumudzi kumaliro, khonde limatsekedwa, pokhapokha makolo mutagawana masiku.

Mpira

Makolo ambiri timauona mpira ngati mdani wa sukulu. Ine ndinasintha maganizo chifukwa cha mwana wanga woyamba, amene m'kalasi analibe vuto koma pakhomo anali ngati nyerere zamulowa m'malaya. Kumutsekera ndi mabuku masana onse kunkangobala ndewu ndi azibale ake.

Mpira uli pawiri. Ulipo wachikulunga wa pamsewu, wopanda wamkulu, umene umatha mdima ukagwa kapena zenera la eni likasweka. Ndi waulere ndipo si woipa, tonse tinakulira momwemo. Ndiye ulipo wa timu yokhala ndi kochi, nthawi yoyambira ndi yomalizira. Kochi wabwino mumamudziwira pa chinthu chimodzi: amafunsa sukulu lipoti, ndipo wojomba kusukulu samuseweretsa Loweruka. Mawu a kochi wotere amalowa m'mutu mwa mnyamata wa zaka 12 kuposa a bambo ake, zimenezi ndinaziona ndi maso ndipo zinandiwawa pang'ono. Zofunika kugula ndi nsapato ndi ndalama zoyendera timu ikamakasewera kutali. Ma academy enieni monga Ascent Soccer ya ku Lilongwe amasankha ana ochepa kwambiri atawayesa luso, ndiye musawerengere kumeneko. Ndipo munthu akabwera n'kumati mulipire ndalama zambiri kuti mwana wanu akayesedwe ku timu ya kunja, gwirani chikwama ndi manja awiri.

Apa ndiime pang'ono pa atsikana. M'nyumba zambiri mnyamata akaweruka amaponya chikwama n'kuthamangira kubwalo, mlongo wake n'kuvula yunifolomu kuyamba kutsuka mbale, kutunga madzi ndi kubereka mwana. Masana a mtsikana timawadya ife eni, kenako n'kumadabwa kuti homuweki sanamalize. Komatu mbiri ya dziko lino pamasewero yanyamulidwa kwambiri ndi atsikana. Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015. Tabitha Chawinga wa ku Rumphi anasewerapo DD Sunshine konkuno ku Lilongwe asanapite ku Sweden, ndipo mng'ono wake Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana wa chaka. Akanakhala kuti masana onse ankatsekeredwa kukhitchini, sitikanawadziwa. Mbale zigawidwe pakati pa ana onse.

Kutchalitchi, kumzikiti ndi a yunifolomu

Izi ndi zotsika mtengo, ndipo akuluakulu ake nthawi zambiri mumawadziwa maina ndi kwawo komwe. A CCAP ali ndi Sande sukulu, kalasi, ndi magulu a Brigade. Akatolika ali ndi Tilitonse. A Seventh-day Adventist ali ndi Pathfinder ya ana a zaka 10 mpaka 15, yokhala ndi perete, misasa ndi maluso a manja. Palinso ma Scout ndi ma Girl Guide. Kwaya ya ana musaipeputse: mwana amaphunzira kusunga nthawi, kumvera anzake, ndi kuima pamaso pa anthu osanjenjemera, zimene zimadzamuthandiza tsiku la intavyu. Chokhacho, zambiri mwa izi zimakumana Loweruka kapena Lamulungu, ndiye funso la Lachiwiri 3 koloko masana limatsala losayankhidwa. Madrasa ndi imene imadzaza masana a m'kati mwa sabata, ndipo mabanja achisilamu vuto la "ali kuti mwanayu" amakhala alithetsa kale. Chofunika kwa iwo ndi kupezera homuweki malo madzulo, ndi nyale yodalirika magetsi akathima.

Kompyuta, zoimbira ndi chess

Zikwangwani za maphunziro a kompyuta a ana zachuluka m'tauni, ndipo mitengo yake ndi yokwera. Zenizeni zilipo. Bungwe la mHub limene anayambitsa Rachel Sibande ku Lilongwe lakhala likuphunzitsa ana kupanga mapulogalamu a kompyuta, ndipo boma kuyambira 2023 likugawa matabuleti ophunzirira kuwerenga ndi masamu m'makalasi ang'onoang'ono a sukulu za boma kudzera mu pulogalamu ya BEFIT. Koma musanalipire pena paliponse, funsani mafunso awiri: kompyuta imodzi amagawana ana angati, nanga magetsi akathima ana amatani? Ndinaonapo malo ena pamene ana ankalemba m'kope tanthauzo la mouse, mouse yeniyeniyo ili m'kabati. Ngati pakhomo pali laputopu yakale, pulogalamu ya Scratch ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti mukangoiika. Kumusiyira mwana foni yokhala ndi bandulo masana onse, imeneyo si maphunziro a kompyuta, ngakhale iye akuuzeni kuti akufufuza za homuweki.

Wokonda zoimba, Music Crossroads ili ku Area 23, koma ayambe wakhalitsa mukwaya kapena pa kiyibodi ya kutchalitchi muone ngati chidwicho chipirire miyezi 6 musanagule gitala. Chess ikukula, ndipo Susan Namangale ndi Dadaz Chess Academy yake aifikitsa kwa ana ambiri. Bolodi imodzi imatumikira mzere wonse wa nyumba kwa zaka. Ndipo bawo, imene timaisiyira madoda a pansi pa mtengo, imaphunzitsa mwana kuwerengera m'mutu mofulumira kuposa tebulo la kuchulukitsa loloweza. Maenje mukhoza kukumba pansi, njere n'kutola.

Zimene zili kale pasukulu

Izi timaziiwala chifukwa sizitipempha ndalama. Masukulu ambiri ali ndi makalabu: la zachilengedwe limene limagwirizana ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi, la Edzi Toto, la mtsutso, la zisudzo. Kusekondale zisudzo za Chingerezi za mpikisano wa ATEM, bungwe lolimbikitsa kuphunzitsa Chingerezi, zasula ana ambiri kulankhula pagulu. Kalabu imakhala yamoyo ngati patironi wake ndi wamoyo. Ena ndi maina chabe papepala la mu ofesi. Funsani mwana wa kalasi yapamwamba kuti ndi kalabu iti imakumanadi, adzakuuzani zoona kuposa chikwangwani.

Nanga kungokhala pakhomo, kapena kuthandiza geni?

Kunena zoona, apa ndi pamene pali ana ambiri a dziko lino, ndipo si manyazi. Mwana amene amakhala pa okala ndi mayi ake ola limodzi, kubweza chenji ndi kulemba ngongole m'kope, akuchita masamu enieni. Kumudzi, kuthirira kudimba kapena kukusa mbuzi ndi maphunziro pawokha. Malire ake ndi amene amafunika kuwaona. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, ndipo ngakhale geni ikhale ya pakhomo, mwana wosenza beseni la mandasi kuzungulira m'malo omwera mowa dzuwa litalowa sakuthandizanso banja, tamuika pangozi. Ndipo pakhomo popanda wamkulu pali aphunzitsi ake: mavidiyo a m'tizisakasa toonetsa mafilimu osasankha msinkhu, malo obetchera mpira, ndi mitsinje yodzaza nthawi ya dzinja.

Chilichonse chimene mungasankhe pa zonsezi, ngakhale cha kutchalitchi, funsani zofanana. Wamkulu amene akhale ndi ana ndani, ndipo ndani wina amamuona? Amamaliza nthawi yanji, ndipo mwana abwera ndi ndani? Pulogalamu yabwino yotha 5:30 mu Juni, mwana n'kuyenda yekha mphindi 30 kudutsa kumunda wa chimanga kapena kudambo, ine ndimaikana. Mphunzitsi wobwera pakhomo aziphunzitsira pakhonde kapena pabalaza chitseko chili chotsegula, kaya mwanayo ndi mtsikana kaya mnyamata, ndipo mphunzitsi wolongosoka sakhumudwa nazo. Mwana akayamba mwadzidzidzi kukana kupita kumene ankakukonda, musathamangire kumukalipira kuti ndi ulesi. Khalani naye pansi. Nambala ya 116 ndi yaulere, yothandiza ana amene akuchitidwa nkhanza, ndipo ndi bwino mwana aidziwe ngati mmene amadziwira nambala yanu.

Musadzazenso sabata yonse. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndinayesapo teremu ina kuika woyamba uja ku mpira, kwaya ndi part-time nthawi imodzi, ndipo zinathera poti ankagona pa mbale ya nsima. Mwana amafunikanso masana ena opanda pulogalamu, oti aumbe galimoto yadothi kapena asewere fulaye ndi phada mpaka aitanidwe kukasamba.

Kwathu pano zili motere. Woyamba ali Sitandade 8: part-time ya ana 4 masiku atatu pasabata mpaka mayeso adutse, mpira Lachisanu ndi Loweruka, ndipo kochi akudziwa kuti teremu ino ndi ya MANEB. Wamng'ono ali Sitandade 1, ndipo pulogalamu yake ndi kudya, kugona ndi kusewera, kenako kukakhala kumapeto kwa mkeka wa agogo kumvetsera akuluakulu akuwerenga. Wachiwiri uja ali Sitandade 5 tsopano, Chingerezi chikumugwedeza pang'ono ndipo mwina teremu ikubwerayi timupezera womuthandiza, koma kuwerenga ndiye sitimugwiranso. Amawerenga zikwangwani za maminibasi, mapepala a mankhwala, mauthenga a pafoni ya mayi ake akaiiwala patebulo. Mwezi watha tili ndi alendo ochokera kumudzi, apongozi anga ali pompo, anatola kalata imene ndinaibisa pansi pa wailesi n'kuima pakati pa balaza.

"Adadi, apa alemba kuti lendi mwachedwa nayo miyezi iwiri. Ndipitirize?"